Maswiti a Diwali: ndiyambire pati?

Nachisale (Limbe): Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi pempho. Oyandikana nafe nyumba ndi Ahindu, ndipo chaka chilichonse pa Diwali amatitumizira mbale ya maswiti awo aja. Ife timabweza mbaleyo ndi zitumbuwa kapena nthochi. Chaka chino ndikufuna ndiwaphikire zawo zomwe, zochokera m'khitchini mwanga. Diwali ili pa 8 Novembala, Lamulungu. Odziwa inu, ndiyambire pati? Ovuni ndilibe, ndili ndi mbaula ndi kahotipuleti kamodzi.

Mayi a Tadala (Leicester): Za ovuni musadandaule achemwali, maswiti ambiri a ku India sapitamo n'komwe. Amapsa m'chiwaya chokhuthala pansi, mwini wake ali chiimire ndi mthiko m'manja. Koma dikirani Bambo Phiri alowe, eni ntchito ndi iwowo. Ine zanga n'zogula pa Belgrave Road, msewu wa kuno ku Leicester ku England.

Bambo Phiri (Bangwe): Ndamva dzina langa. Mayi Nachisale, Ahindu ambiri a ku Limbe ndi Blantyre makolo awo anachokera ku Gujarat, dera la ku India, ndipo banja limene ndinkaliphikira ine linali lakomweko. Kwa iwowa Diwali ndi magas, mohanthal, ghughra ndi kopra pak. Zimenezo zisiyeni kaye. Munthu woyamba kumene aphike besan ladoo basi, timipira totsekemera ta ufa wokazinga. Zofunika ndi zinayi zokha: ufa wa besan, ghee (mafuta ochokera ku batala), shuga ndi elachi (cardamom, tinjere tonunkhiritsa). Safuna manyuchi, salowa m'mafuta, ndipo ngakhale ndi kutentha kwa Novembala amakhala masabata awiri m'chitini chotseka bwino osawonongeka.

Wongani (Lilongwe): Besan ndi ufa wa nandolo eti? Paja nandolo wathu amagulidwa n'kutumizidwa ku India konko.

Bambo Phiri (Bangwe): Ayi mwanawe. Nandolo akafika kumeneko amamusupula n'kukhala toor dal, ndiwo yodyera mpunga. Besan ndi tchana, wamng'onomng'ono woderapo uja, wochotsa makoko. M'mashopu a amwenye mupeza paketi yolembedwa besan kapena gram flour. Ukapanga ladoo wa nandolo, anzakowo adzalandira mwaulemu koma adzapatsa nkhuku.

Wongani (Lilongwe): Kkkkk chabwino madala, ndamva. Nanga tchana wa pamsika osangopita naye kuchigayo bwanji?

Bambo Phiri (Bangwe): Zimatheka, koma gula wosupula kale, amene amati chana dal. Wamakoko amadetsa ufa ndipo amawawa. Vuto lina ndi chigayo chenichenicho: m'kati mwake mumakhala ufa wa chimanga wa munthu amene wagayitsa patsogolo pako. Ufa woyamba kutuluka uuike padera, ukaphikire zina. Koma kwa makapu awiri okha, kuvutikiranji? Gula paketi.

Tsopano Mayi Nachisale lembani. Makapu awiri a besan, theka la kapu ya ghee, kapu imodzi ya shuga wopera, ndi njere za elachi zochokera m'timakoko tisanu kapena tisanu n'kamodzi, zosinja. Kapu yake ikhale imodzimodziyo poyeza zonse. Sefani ufa. Sungunulani ghee m'chiwaya, thiranimo ufa, yambani kutakasa.

Apa ndi pamene anthu amagonjera. Poyamba ufa umamwa mafuta onse n'kuuma, umachita mibulu, mkono umawawa, ndipo mtima umati onjezera ghee. Musaonjezere. Takasanibe pa moto wochepa. Pakapita mphindi 15 kapena 20 mudzaona ufa uja ukuyamba kufewa wokha, mafuta akubwerera, mpaka wonse ukhala ngati chiponde. Mtundu umachoka pa chikasu chowala n'kuyamba kufiirira, ndipo fungo la nyemba zosapsa limatha, kumabwera fungo lonunkhira loti ali panja amafunsa kuti kukuphikidwa chiyani. Zonse pamodzi ndi mphindi 30, mwinanso 40. Musachokepo kukayankha foni. Besan akapserera pansi pang'ono pokha, chiwaya chonse chawawa ndipo palibe shuga amene angabise.

Akapsa, wazani supuni imodzi ya madzi. Adzachita thovu n'kulira, musaope, takasani mpaka thovu litatha. Madzi amenewo ndi amene amapangitsa kuti ladoo akhale ndi timisere tokoma pa lilime m'malo momata kunkhama. Kenako khuthulirani m'mbale ina msangamsanga, poti chiwaya chotentha chimapitiriza kuphika ngakhale mwachiphula.

Shuga musathire pomwepo. Dikirani mpaka chala chizitha kukhalamo osapsa, kungomva kufunda. Mukathira kukadali moto shuga amasungunuka, zonse zimasanduka phala, ndipo simuumba kanthu. Kukafunda, thirani shuga ndi elachi, sakanizani ndi manja, tapani supuni ziwiri, finyani m'chikhatho n'kuumba.

Nachisale (Limbe): Zikomo kwambiri bambo, ndakopera m'kope. Moto wake, mbaula kapena hotipuleti?

Bambo Phiri (Bangwe): Mbaula, mayi. Hotipuleti yachitsulo ija ikatentha imachedwa kumvera ngakhale muitsitse, ndiponso magetsi akakuzimirani pakati pa ntchito mwagwira fuwa la moto. Pa mbaula dikirani makala ayake onse mpaka atuwe, muwaze phulusa pamwamba kuti ukali uchepe. Mukaona kuti kwatentha, phulani chiwaya, takasirani pansi, mubwezere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Esnart (Zomba): Shuga wopera ndiye icing sugar?

Bambo Phiri (Bangwe): Icing sugar amamuthira sitachi kuti asagwirane, nchifukwa chake ladoo wake amamata m'kamwa. Tengani shuga wa masiku onse mumupere mu blenda, kapena mumusinje mu mtondo wouma bwino, musefe. Wabulauni wa ku Nchalo ndi Dwangwa yemweyu ali bwino, poti ladoo ndi wofiirira kale.

Wongani (Lilongwe): Nkhani ili pa ghee. Ndinaona mtengo wa kabotolo kake ndinabweza pa shelefu mwaulemu. Majarini sangagwire?

Mayi a Tadala (Leicester): Wongani usachititse manyazi gulu. Majarini ndi mafuta a mbewu osakaniza ndi madzi ndi mchere. Kukoma konse kwa ladoo ndi ghee. Pangani nokha: gulani batala wopanda mchere, muikeni m'poto pa moto wochepa osavundikira. Amayamba wachita thovu n'kumathetheka, amenewo ndi madzi akuphwa. Phokoso likaleka, mafuta ayera mbee moti pansi pa poto pakuoneka, ndipo tizinyenyeswa ta mkaka takhala pansi titafiirira, phulani n'kusefa pa kansalu koyera. Pa batala wa 500 g mumapeza ghee pafupifupi 400 g, ndipo safuna fuliji bola supuni yonyowa isalowemo. Theka la kapu limene akunena Bambo Phiri ndi kagawo kochepa ka ameneyo.

Bambo Phiri (Bangwe): Zoona. Ndipo china chimene ndikanayamba nacho: ziwiya. Mabanja ambiri a Chigujarati sadya nyama, nsomba, ngakhale dzira. Poto amene munaphikira usipa dzulo, ngakhale mumukweche ndi mchenga, iwo amamva. Mthiko ndiye woipitsitsa poti mtengo umasunga fungo. Gulani mthiko watsopano, ndi wotchipa, ndipo chiwaya chikhale chimene sichinaonepo nyama. Popereka muwauze poyera kuti mulibe dzira, ziwiya zake n'zapadera. Mawu amenewo adzawasangalatsa kuposa ladoo weniweniyo, chifukwa popanda iwo akhoza kulandira koma osadya.

Mayi Nyirenda (Mzuzu): Pepani, sindikufuna kuyambitsa phokoso, koma mtima wanga sukukhazikika. Maswiti amenewa si amene amayamba awapereka kwa milungu yawo? Mkhristu n'kumalandira, tsopano mpaka kuphika nawo?

Chikondi (Pune): Anti, ine ndikuphunzira kuno ku India ndipo ndifotokoze mmene ndimaonera. Pali zinthu ziwiri. Pali chakudya chimene amaika patsogolo pa Lakshmi kapena Ganesha popemphera, chikachoka pamenepo amachitcha prasad, ndipo akamakupatsa amanena kuti ndi prasad. Chimenecho wophika amasamba kaye ndipo salawa mpaka chitaperekedwa. Ndiye pali makatoni a maswiti amene amangogula kapena kuphika kuti agawire abale, antchito, oyandikana nawo, ngakhale wobweretsa makalata. Ambiri amene amafika pakhomo la munthu ndi amenewa. Ndipo zimene Anti Nachisale aphike n'zochokera m'khitchini mwawo, palibe pemphero la wina limene lalowapo.

Mphunzitsi Banda (Dedza): Funso la Mayi Nyirenda si lachilendo, Akhristu a ku Korinto analifunsanso. Werengani 1 Akorinto chaputala 8 ndi 10, ndiponso Machitidwe 15. Mudzapeza kuti nkhani yaikulu ili pa chikumbumtima, chanu ndi cha mnzanu. Amene mtima ukumuletsa asadye, ndipo tisamunyoze. Koma kuphikira mnansi chakudya, ine sindinaonepo pamene panaletsedwa.

Mayi Nyirenda (Mzuzu): Ine prasad yo sindingadye. Zinazo ndamva.

Che Jafali (Mangochi): Ndiponso tisamati mmwenye aliyense ndi wa Diwali. Ambiri a kuno ku Malawi ndi Asilamu anzathu, maswiti awo amatuluka pa Eid. Barfi ndi jalebi n'zomwezo, koma tsiku ndi lina. Mayi Nachisale achita bwino poti akudziwa kuti awowo ndi Ahindu. Wina asatengere n'kukagogoda ndi mbale pakhomo lolakwika pa 8 Novembala.

Thoko (woyang'anira gulu): Mayankho amveka, aliyense watolapo chake. Za chipembedzo tilekeze pomwepa chonde, tibwerere m'khitchini.

Esnart (Zomba): Chiko, popeza uli konko, tsiku lake limasinthasintha chifukwa chiyani? Chaka chatha ndimakumbuka zophulitsa zija zinalira mu Okutobala.

Chikondi (Pune): Amatsata mwezi wa kumwamba, Anti. Usiku waukulu ndi umene mwezi uli mumdima, m'mwezi wawo wa Kartik. Mu 2025 unali pa 20 Okutobala, mu 2023 pa 12 Novembala. Ndipo chikondwererocho ndi cha masiku asanu. Loyamba ndi Dhanteras, anthu amagula ziwiya zatsopano kapena golide. Lachitatu ndiye lalikulu, la Lakshmi, nyale zadothi zili ponseponse. Kumpoto amati akukumbukira kubwerera kwa Rama ku Ayodhya atakhala kuthengo zaka 14, pomwe kumwera amatchula kwambiri za Krishna kugonjetsa Narakasura. Kwa anzawo a Anti Nachisale, ngati ndi a ku Gujarat, kawirikawiri tsiku lotsatira Diwali ndi chaka chatsopano, ndipo ndi pamene amayenderana m'makomo atavala zatsopano, mbale za maswiti zili pa tebulo. Moni wake ndi "Saal Mubarak". Lomaliza ndi la mlongo ndi mlongo wake, mwamuna amakadya kwa mchemwali wake.

Kuno ku Maharashtra zophika za Diwali amazitcha faral, ndipo si zotsekemera zokha. Pamakhala ladoo, karanji, shankarpali, anarsa, komanso chakli ndi chivda zamchere ndi tsabola. Amayi a mnzanga amayamba kuphika kutatsala sabata yathunthu. Ambiri m'tauni masiku ano amangogula, koma nyengo ino nyuzi zimadzaza ndi nkhani za akuluakulu oona za zakudya akulanda khoya (mkaka wophwetsa wopangira maswiti) wachinyengo m'mashopu, ndiye mabanja ena amati bola kuvutika pakhomo.

Anambewe (Durban): Ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse. Bambo Phiri ndimakulemekezani, koma mwawaopseza anthu. Mbale ya ladoo yekhayekha? Onjezanipo gulab jamun, si wovuta. Kuno amwenye anafika mu 1860 kudzalima nzimbe ku Natal, ndipo zidzukulu zawo zinasintha maphikidwe kuti agwirizane ndi za m'shopu. Barfi wa kuno ndi wa mkaka wa ufa, gulab jamun ambiri amathira condensed milk n'kumuumba wautali, ena n'kumugubuduza mu kokonati. Palibe amene amadandaula.

Bambo Phiri (Bangwe): Palibe amene amadandaula poti sanalawe weniweni. Gulab jamun ndi wa mawa, amene ena amati khoya. Umatenga mkaka wa ng'ombe wosachotsa mafuta, wa alimi a ku Bvumbwe uja, n'kuuwiritsa m'chiwaya chotakata, ukutakasa ndi kupala m'mbali mpaka madzi onse ataphwa n'kutsala chinthu cholimba. Lita imodzi imakupatsa pafupifupi 200 g, ndipo ola limatha uli pomwepo. Ku India amapeza wambiri poti mkaka wawo ndi wa njati zoweta, wamafuta kuposa wa ng'ombe. Fungo la mkaka wophwera pa moto silipezeka m'chitini.

Anambewe (Durban): Ola lathunthu, makala ake, mkaka wake, kuti mupeze 200 g! Mayi Nachisale ali ndi ana ndi ntchito, bambo. Mverani ine achemwali. Kapu imodzi ya mkaka wa ufa wa full cream, kota ya kapu ya fulawa, supuni imodzi yaikulu ya ghee, soda wotsina ndi zala ziwiri. Thirani mkaka wamadzi pang'onopang'ono mpaka zigwirane zili zofewa ndi zomata pang'ono. Musakande mwamphamvu, mungogwirizanitsa, apo ayi amalimba. Vundikirani mphindi 10, dzolani ghee m'manja, umbani timipira ting'onoting'ono poti timafufuma kawiri, m'mafuta ndi m'manyuchi. Kampira kalikonse kakhale kosalala. Kakakhala ndi mng'alu kamaphulikira m'mafuta.

Mafuta asatenthe kwambiri. Ponyani kachidutswa: kakamira n'kukwera pang'onopang'ono, ali bwino. Kakangoyandama nthawi yomweyo n'kuda, phulani azizireko, apo ayi kunja kupsa m'kati muli mtanda wosapsa umene sumwa manyuchi. Manyuchi ake ndi kapu imodzi ndi theka ya shuga, madzi chimodzimodzi, elachi, ndi madontho a mandimu kuti shuga asabwerere kukhala mchenga. Awire mphindi zisanu kapena kupitirira pang'ono, angomata pa chala basi, asakoke ulusi. Ikanimo timipira manyuchi akadali ofunda, tikhalemo maola awiri.

Bambo Phiri (Bangwe): Za mafuta ndi manyuchi mwanena zoona, sindichotsapo. Ndionjeze chenjezo limodzi, popeza mwasankha njira yachidule. Mkaka wa ufa wopimidwa m'timapepala pamsika nthawi zina si mkaka, ndi creamer wothira mu tiyi. Ameneyo ndi mafuta ndi shuga, amasungunukira m'chiwaya n'kuwononga mafuta onse. Werengani pa chitini.

Anambewe (Durban): Apo tagwirizana. Mwaona, mwayamba kulowa mpingo wathu.

Bambo Phiri (Bangwe): Sindinalowe, ndangoima pakhomo.

Fernando (Tete): Abale, palibe amene watchula kaju katli? Ameneyo ndiye amalemekezeka pa mphatso. Ndipo cashew wake ndi wa kwathu kuno ku Mozambique, makamaka ku Nampula. Apwitikizi ndiwo anabweretsa mtengowu kuchokera ku Brazil m'zaka za m'ma 1500, n'kuufikitsanso ku Goa. Mpaka lero wambiri wa kuno amapita ku India ali m'makoko kukasendedwa kumeneko. Ndiye mwina katli amene Chikondi akudya ku Pune anamera kwa ife. Amene ali ku Blantyre, odutsa pa Zobue amabwera naye. Gulani woswekasweka, ndi wotsika mtengo ndipo mukamupera ndithu. Koma akhale woyera, wosakazinga, wopanda mchere.

Nachisale (Limbe): Amene uja wodula mwa dayamondi, wonyezimira pamwamba? Ana anga amalimbirana ameneyo. Ndingamuthe?

Bambo Phiri (Bangwe): Chaka chamawa. Koma poti mwafunsa, ndinene, ena apindule. Makapu awiri a ufa wa cashew, kapu imodzi ya shuga woyera, theka la kapu ya madzi. Apa wabulauni ayi, amadetsa. Popera cashew muziyatsa blenda n'kuzimitsa, kuyatsa n'kuzimitsa. Mukailekerera, mafuta amatuluka ndipo ufa watha. Cashew wochokera mu fuliji ayambe wauma.

Chovuta ndi chasni, manyuchi aja. Akuyenera kufika pa ulusi umodzi, eni ake amati ek taar. Mumatapa kadontho pa mthiko, kazizire pang'ono, n'kukaika pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Mukatsegula zala pang'onopang'ono pazioneka kaulusi kamodzi kosaduka msanga. Kakaduka nthawi yomweyo, sanafike, ndipo katli sadzalimba, mudzadya ndi supuni. Mukaona maulusi awiri mwapitirira, adzauma n'kumanyenyeka podula. Pakati pa ziwirizi pali nthawi yochepa kwambiri, nchifukwa chake ndikuti chaka chamawa. Ulusi ukaoneka, tsitsani moto, thirani ufa, takasani mpaka zonse ziyambe kuchoka m'mbali mwa chiwaya n'kukhala chinthu chimodzi. Tsinani pang'ono, kakaumbika osamata zala, phulani. Kandani kukadali kofunda, yalani pakati pa mapepala awiri odzola ghee, dulani.

Chonyezimira chija ndi vark, siliva wopsapsala kwambiri. Alibe kukoma kulikonse. Musavutike kumufuna.

Mphunzitsi Banda (Dedza): Ndionjezepo za sayansi pang'ono, kwa amene muli ndi thermometer ya kukhitchini ndipo mukutsata manambala a pa intaneti. Manambala amenewo ambiri anayezedwa kumalo otsika, kumene madzi amawira pa 100°C. Kuno ku Dedza tili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, ndipo madzi amawira cha pa 95°C. Blantyre ndi Lilongwe ali pa mamita 1,000 ndi kanthu, kumeneko ndi cha pa 96 kapena 97. Ukadikira nambala ya m'buku, manyuchi ako apitirira kale. Zala za Bambo Phiri sizinama kulikonse.

Wongani (Lilongwe): Cashew ndi wa mabwana. Mtedza wa ku Mchinji sungalowe m'malo?

Chikondi (Pune): Umalowa, achimwene. Kuno amapanga katli wa mtedza, njira yake yomweyo, kungoti mtedza amayamba aukazinga pang'ono n'kuchotsa khungu lofiira. Palinso chikki, mtedza wogwirizanitsa ndi jaggery, shuga wa nzimbe wosayeretsa uja. Tauni ya Lonavala, pakati pa Pune ndi Mumbai, inatchuka ndi chikki yemweyo. Kungoti musakanene kuti ndi kaju, adzadziwa pa kuluma koyamba.

Esnart (Zomba): Unamwino wanga usandilole kukhala chete. Mtedza musankhe bwino, wonyala, wakuda kapena wachuku tayani, poti poizoni wa chuku saphedwa ndi moto. Chachiwiri, zamkaka zonse, gulab jamun, barfi, peda, ndi kutentha kwa Novembala sizichedwa kusasa. Muphike dzulo lake, zigone mu fuliji, ndipo ngati magetsi kwanuko ndi osadalirika ingokhalani pa ladoo. Chachitatu ndi matenda a shuga. Anthu ochokera ku India amawadwala kwambiri, ndipo ifenso kuchipatala mzere wake ukutalika. Umbani ting'onoting'ono. Agogo a m'nyumbamo akhoza kulawa kamodzi osadziimba mlandu.

Mayi a Tadala (Leicester): Za kuchepetsa kukula ndikuvomereza, koma shuga wa m'maphikidwe musamuchepetse kwambiri mu katli ndi barfi, ndi amene amalimbitsa. Mu ladoo mukhoza kutsitsa kufika pa makota atatu a kapu.

Nkhani ya Leicester ndiinene pang'ono poti ikukhudza kwathu. Kuno Diwali ndi yaikulu, msewu wa Belgrave amaukongoletsa ndi magetsi ndipo pa mashopu a maswiti mizere imatulukira panja. Ambiri mwa amwenye a kuno anachokera ku Africa, ena ku Uganda pamene Idi Amin anawathamangitsa mu 1972, ena ku Kenya, ndipo ena ku Malawi m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Kamuzu linawachotsa m'matauni ang'onoang'ono a kumidzi kuti azichita malonda m'mizinda yokha. Ndiye umapezeka uli pa mzere ukuyankhula pa foni, gogo wovala sari n'kutembenuka, "Muli bwanji amayi, kwanu n'kuti?" Chichewa chake cha kale, chosasakaniza. Mmodzi anandiuza kuti chevdo cha kwawo, chivda yamchere ija, sichikoma popanda mtedza wa chalimbana.

Zulu (Chipata): Kuno ku Down Shops ziliko zonse, besan, elachi, rose water. A ku Mchinji ndi Lilongwe mukasowa muziuza. Koma ine funso langa ndi jalebi. Ndimamukonda koopsa.

Bambo Phiri (Bangwe): Jalebi gulani, achimwene. Phala lake limagona usiku kuti lisase, limafuna dzanja lozolowera kuzunguliza m'mafuta, ndipo akazizira wafewa. Si wa mphatso. Ngati mukufuna chachiwiri chosavuta pambali pa ladoo, ndi kopra pak: kokonati wopala kumene, woyera yekhayekha osafika ku khungu lakuda, kuphika ndi mkaka ndi shuga mpaka ziume n'kuchoka m'mbali, kuyala m'thireyi yodzola ghee, kudula zikazizira. Koma ameneyonso ndi wa masiku ochepa, monga anenera a namwino.

Nachisale (Limbe): Ndasankha. Ladoo ndiphika Lachisanu, gulab jamun wa Anambewe Loweruka ngati magetsi alola. Bambo Phiri musakwiye.

Bambo Phiri (Bangwe): Sindikwiya. Koma Lachisanu lisakhale koyamba. Yesani sabata ino ndi theka la muyezo, kapu imodzi ya besan, ana adye. Mphuno iyenera kuphunzira fungo la besan wakupsa, ndipo zimenezo sindingazilembe pa foni.

Wongani (Lilongwe): Madala, ine sindinadikire, ndayesa madzulo ano. Fungo lili bwino, mtundu uli bwino, koma ndikaumba n'kuika m'mbale akuphwasuka, akukhala pansi osazungulira. Ndalakwitsa pati?

Bambo Phiri (Bangwe): Shuga wathira kukadali kotentha bwanji?

Wongani (Lilongwe): Kofunda ndithu, chala chimakhalamo.

Bambo Phiri (Bangwe): Ndiye palibe chaonongeka, ndi kutentha kwa Lilongwe chabe, ghee sanagwire. Ika mbaleyo pamalo pozizira kapena mu fuliji mphindi 20, uumbenso kachiwiri, adzaima. Akakanabe, kazinga supuni zitatu za besan pawokha mpaka apse, usakanize. Akanakhala kuti akunyenyeka osagwirana, mankhwala ake akanakhala supuni ya ghee wofunda. Ndipo ghee wako unamuyeza atasungunuka kapena ali wolimba?

Wongani (Lilongwe): Wolimba, ndipo kapu inadzaza mpaka pamwamba pa mzere.

Bambo Phiri (Bangwe): Ndiye wachuluka. Uziyeza atasungunuka. Onjezera besan uja, supuni zinayi osati zitatu, utumize chithunzi mawa.